Nthawi ya Pamsewu ndi ya Bwana, Ailipire

Akonzi,

Ndiloleni malo pang'ono m'nyuzipepala yanu kuti ndipereke dandaulo la ife amisiri omanga nyumba ndi anzathu okanda matope, amene timagona kuno ku Chiputula, koma thukuta lathu ligwera m'mbali zonse za mzinda wa Mzuzu ndi kunja kwake komwe.

Kontirakitala amene anatilemba ntchito, yemwe dzina lake sinditchula, akumanga nyumba zingapo nthawi imodzi: ina ku Luwinga, ina ku Mchengautuwa, ina kutali ku Ekwendeni. M'mamawa timafika pamalo oyamba ndi kulembetsa maina kwa kapitawo. Koma dzuwa lisanafike pamutu, simenti ikatha kapena bwana akaimba foni, timauzidwa kusonkhanitsa mafosholo ndi mawilibala, kukwera pamwamba pa mchenga m'lole, ndi kupita kumene iye wafuna. Nyengo ya mvula, imene kuno siichita manyazi, lole ikatitimira m'matope ofiira aja, ndife amene timatsika, kukumba pansi pa matayala, kuikapo miyala ndi nthambi, ndi kukankha mpaka mapewa kuwawa. Tsiku limene lole palibe, timakwera njinga za sakaramento ndi ndalama ya m'thumba mwathu. Ndipo mwezi ukatha, kapitawo atsegula buku lake, nawerenga maola okhawo amene dzanja linagwira njerwa, nati, "Za pamsewu sitiwerenga, akuluakulu, munali mutakhala."

Tinali titakhala inde, koma tinakhala mwa kufuna kwa yani? Munthu amene sangathe kupatuka kukaona mwana wake wodwala, kapena kugwira ganyu yina, kapena kukana ulendowo osachotsedwa ntchito, nthawi yake yonseyo ili m'manja mwa womulamula. Ndipo amene wafuna kumanga nyumba zitatu ndi gulu limodzi la anthu, kuti phindu limchulukire, adziwe kuti walira mvula walira matope.

Lamulo la ntchito la dziko lino, la chaka cha 2000, linaika malire a maola 48 pa mlungu, ndipo linalamula kuti ola loonjezera pa tsiku wamba lilipidwe ngati ola limodzi ndi theka. Koma ngati bwana aloledwa kufafaniza m'buku maola a pamsewu, malire amenewa asanduka chabe, pakuti munthu aweruka usiku, atatha tsiku lonse m'manja mwa abwana, koma buku nkumanena kuti sanakwanitse ngakhale maola asanu ndi atatu. Thangata imene makolo anailirira m'minda ya atsamunda inathetsedwa mu 1962. Sitiyenera kuilola kubwerera pamsana pa lole.

Nkhani imeneyi inavutapo ndi kwina. M'chaka cha 2015, bwalo lalikulu la milandu la mgwirizano wa maiko a ku Ulaya linaweruza mlandu wa antchito a kampani ya Tyco ku Spain, amene ankayendayenda kuika zipangizo zachitetezo m'nyumba za anthu, ndipo linagamula kuti, popeza analibe malo amodzi ogwirira ntchito, ngakhale ulendo wochoka kunyumba kupita kwa kasitomala woyamba ndi nthawi ya ntchito. Ife sitipempha zochuluka chotero. Ulendo wanga wochoka ku Chiputula m'mawa ndi wobwerera madzulo ukhale wanga, poti ndinasankha ndekha kumene ndikhala; koma kuyambira pamene dzina langa lalembedwa kufikira pamene ndatsuka fosholo pamalo otsiriza, mwini nthawiyo ndi bwana.

Ena adzati kuli bwalo loweruza milandu ya apantchito kuno ku Mzuzu, ndipo nzoona; koma wokanda matope wolembedwa pakamwa pokha, wopanda kalata m'manja, akangodandaula lero, mawa apeza wina atatenga kale wilibala yake. Chifukwa chake ndipempha a ofesi ya leba ya mu mzinda uno, pamodzi ndi atsogoleri a mgwirizano wa mabungwe a antchito wa MCTU, kuti afike kumene kukumangidwa nyumba, aone mabuku a akapitawo ndi maso awo, ndipo alamule kuti m'bukumo muzilembedwa ola lofikira pamalo oyamba ndi ola lowerukira pamalo otsiriza, wantchito aliyense nkusainapo tsiku lomwelo.

Ine wanu,
Mmisiri wodandaula,
Chiputula, Mzuzu.