Wofufuza Milandu wa ku Kawale Asakhale Wosaka Mfiti

M'maiko ena muli mtundu wa mabuku a nthano zopeka umene anthu akuukonda kwambiri. M'mabuku ameneŵa mlandu umachitika mumzinda weniweni, wa miseu ndi misika yodziŵika, koma wofufuza mlanduwo amakumana ndi mizukwa ndi matsenga pa ntchito yake. M'buku la Ben Aaronovitch la 2011, lotchedwa Rivers of London, wapolisi wachinyamata akulandira umboni wa mlandu wakupha kuchokera kwa mzukwa. Ku South Africa, Lauren Beukes adalemba Zoo City m'chaka cha 2010, m'mene mayi wa ku Hillbrow, mu Johannesburg, amene ali ndi mphatso yopeza zinthu zotayika, akutumidwa kukafuna woimba wina amene wasoŵa. Bukuli lidapata mphotho ya Arthur C. Clarke m'chaka cha 2011.

Chimene chimakoka oŵerenga si matsenga okha ai, komanso malowo, pakuti munthu amakondwa kupeza mseu wa kwao m'buku. Tsono ife tikufunsa: nanga Lilongwe wathu adzalembedwa liti?

Chikhalire likulu la dziko lino m'chaka cha 1975, mzinda umenewu walandira anthu a m'maboma onse, aliyense atasenza zikhulupiriro za kwao. Mlembi wofuna malo sangasoŵe. Alipo Kawale ndi Biwi, kumene nkhani imayenda msanga kuposa minibasi. Alipo Chinsapo, kumene gule wamkulu amayenda mumseu umodzi ndi akabaza. Alipo Mgona, woyandikana ndi mafakitale a ku Kanengo, ndiponso Area 23 ndi Area 25, kumene munthu wachilendo amasokera dzuŵa lili pamutu. Alipo maulalo amitengo a pa mtsinje wa Lilongwe, oolokera ku msika wa Tsoka, amene munthu amadutsa atalipira. M'malo onseŵa anthu amasimba za lichero logwa m'bandakucha, za chitaka chomaliza ndalama m'hokala, ndi za ndondocha zogwirira ntchito munthu wokhwima.

Alembi athu njira adaiyamba kale. Malemu Steve Chimombo adatenga Napolo wa m'phiri la Zomba namuloŵetsa m'zolemba zao, kuphatikizapo buku la The Wrath of Napolo la 2000. Shadreck Chikoti adatulutsa Azotus the Kingdom m'chaka cha 2015, nthano ya Africa wa zaka 500 m'tsogolo. Komabe mabuku onse aŵiriŵa ali m'Chingerezi, pamene anthu a ku Chinsapo mantha ao amaŵasimba m'Chicheŵa. Tikadikira kuti ena adzatilembere, tikumbukire kuti kandimverere adakanena za m'maluŵa.

Koma pali chenjezo limene sitingalibise. Ku London munthu akatseka buku, mzukwa umatsalira m'bukumo. Kuno kwathu kutchula munthu mfiti kumapha. Mu Januwale 2016, ku Neno, anthu okalamba anai adaphedwa poŵaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana wina. M'chaka cha 2017 mphekesera za anamapopa, zimene zidabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, zidaphetsa anthu osalakwa. Lamulo la 1911 lidaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, kusaka mfiti ndi kumwetsa mwabvi, koma magaziwo adakhetsedwabe. Madzi akatayika saoleka.

N'chifukwa chake tikunena kuti wofufuza wa m'nthano zathu asakhale wosaka mfiti wovala jekete. Mizimu iyankhule m'bukumo, fisi alire pakhonde usiku, pakuti kukoma kwa nthano zotere kuli pomwepo. Koma wofufuzayo akhale munthu wofunsa asanagamule. Gogo akapezeka m'bandakucha ali mbulanda pakhomo pa eni, khamu litagwira kale miyala, iye afunse ngati gogoyo sadwala matenda oiŵalaiŵala a ukalamba. Mayi wamasiye akanenedwa kuti adadya mwamuna wake, iye afunse kuti poloti ndi nyumba zigwera yani mayiyo akathamangitsidwa. Buku limene nthaŵi zonse limapeza wolakwa mwa nkhalamba yosauka likungoonjezera nkhuni pamoto, pamene buku lophunzitsa mwana kufunsa umboni lingathe kupulumutsa agogo ake.

Choncho tikupempha alembi athu, makamaka achinyamata a m'makomboni ameneŵa, kuti atenge cholembera. Lembani m'Chicheŵa, ndipo tchulani mseu, mjigo ndi chigayo monga zilili, kuti woŵerenga wa ku Biwi azindikire kwao. Tikupemphanso osindikiza mabuku kuti asanyoze nthano zotere ngati zachibwana, ndiponso aphunzitsi kuti aziŵerenge pamodzi ndi ana, nakambirana nao za mlandu uliwonse, wolakwa adapezeka bwanji ndipo umboni wake udali wotani.