Makina osemera akavuta galanti isanathe

Makina osemera matabwa amene munthu wamba angakwanitse kugula alipo a mitundu iwiri. Pali ogwira pamanja, okhala ndi mota yaing'ono yozunguza kano kakuthwa, ndipo pali a CNC, amene amalandira chithunzi kuchokera mu kompyuta n'kumachisema okha pathabwa. Wogula nthawi zina sakhala kalipentala, amakhala mphunzitsi kapena wa mu ofesi amene amakonda kusema akaweruka. Makinawo akayamba kuvuta galanti isanathe, munthuyu amasowa chogwira: awasunge n'kumapirira nawo, kapena awabweze? Kwa wokhala ku Chiuaula, mumzinda wa Lichinga, yankho silili papepala la galanti lokha ayi.

Papepalapo lamulo lili kumbali ya wogula. Lamulo loteteza ogula la dziko la Mozambique, nambala 22/2009, limati katundu wokhalitsa ngati makina akhale ndi galanti yosachepera chaka chimodzi. Wogulitsa akalephera kukonza vutolo m'masiku 30, wogula amasankha yekha kupatsidwa makina ena, kubwezeredwa ndalama kapena kuchotseredwa mtengo. Masiku amene makina ali kokonzedwa sawerengedwa pa chakacho. Wogulitsa akamazemba, dandaulo limapita ku bungwe la boma loyendera malonda. Zonsezi zimayambira pa lisiti. Amene anagula mogwirana chanza, popanda kapepala, mlandu wake watha usanayambe.

Lamulo silifupikitsa msewu. Lichinga ili kumtunda, mamita oposa 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, kumene msewu wa N13 wochokera ku Nampula umafikira utadutsa ku Cuamba ndi ku Mandimba. Kukafika ku Cuamba ndi makilomita pafupifupi 300, ku Nampula oposa 600, ku Maputo oposa 2,000. Njanji ya pakati pa Cuamba ndi Lichinga inatsegulidwanso mu 2016, komabe bokosi lolemera silikwera ulere. Makina obwera ndi m'bale kuchokera ku Johannesburg amatetezedwa ndi lamulo la ku South Africa la 2008, limene limapatsa wogula miyezi 6 yobweza katundu wowonongeka, koma mphamvu yake imathera m'malire a dzikolo. Ogulidwa ku Limbe n'kulowa pa Chiponde nawo amadalira sitolo ya tsidya lina. Msonkho wa pachipata ndi IVA ya 16 peresenti zinapita ku boma, ndipo palibe sitolo imene idzazibweze. Choncho wofuna kubweza ayambe wawerenga mtengo wa ulendo, kupita ndi kubwera, n'kuufanizira ndi mtengo wa chitsulo chimene chavutacho.

Pofunika kuchedwapo ndi pa mtundu wa vutolo, chifukwa makina ambiri amene amanenedwa kuti ndi oipa sakhala oipa. Mano, malamba ndi mabulashi a mota zimatha ndi ntchito, ndipo magalanti ambiri sazikhudza n'komwe. Paini wodzalidwa mozungulira Lichinga ndi wofewa, koma akakhala wosauma bwino utomoni wake umamata kano, kanoko kamatentha n'kuyamba kupsereza thabwa. Mwini amaganiza kuti mota yafooka, pamene chofunika n'kutsuka kano ndi kuumitsa thabwa. Mlombwa umasemeka bwino ukamatengedwa pang'onopang'ono. Phingo ndi nkhani ina: ndi wolimba kwambiri, ndipo Amakonde a ku Mueda, amene anatchuka naye dziko lonse lapansi, amamusema ndi nsompho ndi tchizulo, modekha. Wokakamiza kamota kakang'ono pa phingo tsiku lonse asadabwe kakafuka utsi, ndipo sitolo idzakhala ndi chifukwa chomveka chomukanira.

Magetsi nawo amalakwitsa makina osalakwa. A EDM, kampani ya magetsi ya ku Mozambique, ndi a mavoti 220, pamene makina opangidwira msika wa ku America amafuna 120. Kuwalumikiza popanda chida chotsitsa mphamvu n'kuwapha tsiku loyamba. M'nyengo ya mvula, kuyambira December mpaka March, mphezi ndi kuthimathima kwa magetsi zimaotcha mabolodi a makina a CNC, ndipo kuwonongeka kotero magalanti ambiri amakuika pamutu pa mwini. Chida chowongolera magetsi n'chotchipa poyerekeza ndi ulendo wa ku Nampula.

Vuto lochokera ku fakitale limadziwika ndi kubwereza. Mota imatentha ikuzungulira yokha popanda thabwa. Kano kamagwedezeka ngakhale kamangidwe zolimba. Makina a CNC amaima pakati pa ntchito, kapena mizere yake imaphonyana pa chithunzi chimene dzulo chinatuluka bwino. Njira yotsimikizira ndi yosavuta: kano katsopano, thabwa louma la paini, chithunzi chimodzimodzi kusemedwa kawiri, foni ikujambula. Kanemayo atumizidwe kwa wogulitsa tsiku lomwelo pa WhatsApp, kuti deti la dandaulo likhale poonekera. Wogulitsa wochenjera amakonda mawu akuti "bwerani mawa, bwana", podziwa kuti mawa lililonse likudya galanti.

Apa ndi pamene ambiri amapusa. Pafupi ndi msika wa Chiuaula, monga m'misika ina, sipasowa mmisiri wokonza mawailesi ndi mamota, ndipo ena mwa iwo ali ndi luso lenileni. Koma akangomasula zomangira n'kusuzumira m'kati, wogulitsa wapeza pothawira. Mmisiri wa pafupi ndi wa chaka chachiwiri, galanti itatha, osati wa mwezi wachitatu.

Chaka chachiwiricho ndicho chiyenera kutsogolera maganizo, ngakhale wogula sachiganizira makina akadali onyezimira m'bokosi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makina olandira mano wamba a mamilimita 6, okhala ndi mabulashi opezeka m'sitolo za zitsulo, angathe kukhala zaka zambiri m'manja mwa munthu wosamala, ndipo kavuto kamodzi kokonzeka si chifukwa chowabwezera. Makina ofuna mano a kampani yake yokha, kapena pulogalamu imene sigwira popanda intaneti, amasanduka chitsulo chongodzaza nyumba tsiku limene wogulitsa wasiya kuyankha foni. Kutali ndi malo a zipangizo, ngati ku Lichinga, kusiyana kumeneku n'kwakukulu kuposa kusiyana kwa mitengo yogulira.

Makina amene mota kapena bolodi yake yavuta kawiri chaka chisanathe, wogula atatsimikiza kuti vuto si thabwa kapena magetsi, ayenera kubwerera kumene anachokera, pamodzi ndi lisiti, bokosi ndi zonse zimene anabwera nazo. Ndipo pa zinthu zitatu zimene lamulo limalola, munthu wa ku Lichinga asankhe ndalama, chifukwa makina ena a mtundu womwewo akadzavutanso adzafuna ulendo womwewo.