Mauthenga a pa Foni kwa Asodzi a ku Chisi

Ndifuna kunenapo za nthenda imene ilibe bala. Munthu amene anaona mnzake akumira m'Nyanja ya Chilwa, kapena amene anapulumuka madzi a Namondwe Freddy mu March 2023, kawirikawiri sapeza tulo. Akatseka maso, madzi aja abweranso. Mphepo ikaomba mwamphamvu, mtima uli phaphapha. Tsono amwa kachasu kuti agone. Agonadi, koma adzidzimuka pakati pa usiku mantha atakula, namwanso. Ife tingoti ndi chidakwa, osafunsa chimene chinayamba.

Ku America madokotala ayesa kuthandiza anthu otere ndi mauthenga a pa foni, owaphunzitsa kuweruza maganizo owazunzawo ndi kuchepetsa mowa. Ine nditi njira imeneyi iyesedwenso kwathu ku Chisi.

Taganizani za ulendo. Chipatala chachikulu cha nthenda za maganizo chili m'boma lathu lomwe lino, Zomba Mental Hospital. Koma msodzi wa pa chilumba ayenera kukwera bwato kufika ku Kachulu, kenaka matola mpaka ku tauni, ndipo tsiku limenelo matemba sagwira, ana sadya. Pobwera apeza dzina lamutsogolera pa doko: wamisala uja. Ndani angavomere? Uthenga wa pa foni ufika mwakachetechete, ngakhale m'zimbowera za pakati pa nyanja ngati netiweki ilipo. Ndiponso si chinthu chachilendo, pakuti Chipatala cha pa Foni chinayamba ku Balaka mu 2011, ndipo anthu anazolowera kuimbako.

Ena adzati asodzi ambiri sadziwa kuwerenga. Nzoona, ndipo pano mpovuta ndithu. Mwana wa sukulu angathe kuwerengera atate ake kalata ya ku Johannesburg, koma za maloto oopsa ndi mabotolo bambo safuna kuzimva m'kamwa mwa mwana wake. Foninso nthawi zina ndi imodzi nyumba yonse. Chifukwa chake mauthengawo akhale aafupi, m'Chichewa chomveka, ndipo wosawerenga aziimbiridwa ndi mawu. Azifika madzulo, nsomba zitagulidwa, ndalama zili m'thumba, pakuti ndiyo nthawi imene mapazi alunjika kwa wotcheza kachasu.

Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma kuletsako sikunachotse mantha a munthu mmodzi yemwe. Komanso foni yokha sikwanira. Amene wamwa kwambiri zaka zambiri akaleka mwadzidzidzi angathe kunjenjemera ndi kukomoka, mwina kufa kumene. Woteroyo ayenera kuonedwa ndi achipatala. Kotero kuseri kwa uthenga uliwonse kukhale namwino wophunzitsidwa, woti msodzi akayankha kuti "lero zandikanika", amuimbire tsiku lomwelo.