Fizi ndi chiyambi chabe

Maina a osankhidwa kupita ku yunivesite akangotuluka, makolo amatenga cholembera n'kuyamba kufananiza fizi. Funso lawo limakhala limodzi: kodi koleji yotchipa ndi iti? Ine ndikuti funso limeneli n'loperewera.

Mu 2023 mayunivesite a boma adakweza fizi. Ambiri adafika pa K650,000 pa chaka, pamene ku KUHeS, kophunzira udotolo ndi unamwino, idafika pa K1 miliyoni. Papepala ndiye kuti mwana wa ku Zomba, wa ku Bunda ndi wa ku Mzuzu amawononga mofanana. Zoona zimenezo?

Masiku amene boma linkadyetsa ophunzira ku kafiteriya adapita kalekale. Zipinda zogona pasukulu n'zochepa, ndiye ambiri amachita lendi kunja. Wa ku Zomba akapeza kachipinda ku Chikanda amayenda wapansi. Mnzake wa ku MUBAS akulimbirana nyumba ndi anthu apantchito a mu Blantyre, ndipo akapeza yotchipa kutali, minibasi ikumudikira m'mawa ndi madzulo. Onjezanipo makala, ufa, ndiwo, sopo, mabandulo a intaneti, ndi thiransipoti ya mwana wa ku Nsanje amene wasankhidwira ku Mzuzu. Fizi amailengeza kamodzi, koma mtengo wa bonya umasintha osakuuzani. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, eninyumba sadadikire khonsolo ya yunivesite kuti ikumane.

Ine ndidasiyira panjira m'chaka chachitatu. Fizi inali yolipira ndithu. Chidandichotsa ndi lendi ndi mimba. Ngongole ya boma imathandiza, sindikukana, koma si onse opempha amene amaipeza.

Palinso nthawi, imene ambiri saiwerengera. Sukulu ikatsekedwa chifukwa cha sitalaka, monga zidachitikira ku Chancellor College mu 2011, digiri ya zaka 4 imatalika, koma mwininyumba sadziwa za sitalaka. N'chifukwa chake makolo ena amene ali nako kangachepe amasankha makoleji a mipingo, monga ku Nguludi kapena ku Livingstonia, ngakhale fizi yake ndi yokwera. Iwo akuti bola kudziwa chaka chimene mwana adzamalize. Sindiwaseka.

Koma chenjerani ndi timakoleji tapaseri pa sitolo timene fizi yake ndi yokoma m'khutu. Musanapereke tambala, funsani ku NCHE ngati maphunzirowo ndi ovomerezeka. Pepala limene olemba ntchito akulikana ndiye lodula kuposa onse.

Pempho langa kwa akuluakulu a mayunivesite n'losavuta. Pa kalata yoitana mwana, pansi pa fizi, lembaniponso kuti bedi pasukulupo alipo angati, chipinda chakunja chikuyenda pa zingati, ndipo chakudya cha mwezi chikufuna ndalama zingati. Bambo wa ku Mchinji asanagulitse fodya wake adziwiretu chimene akulowa.