Sitolo yakoyako: kodi ngongole ya kubanki ndiyo njira yake?

Aliyense wochita bizinesi m'nyumba ya lendi amadziwa kuwawa kwa uthenga wa landilodi. Wapenta makoma, wakhoma mashelefu, waika zitsulo m'mawindo, makasitomala azolowera kuti misomali ndi utoto amazipeza pakhomo pako, kenako ungomva kuti mwezi wamawa lendi ikwera ndipo ulipiriretu miyezi itatu. Ena amauzidwa kuti asamuke, patapita milungu yochepa n'kupeza m'bale wa mwini nyumba akugulitsa katundu yemweyo pa mashelefu omwewo. N'chifukwa chake amalonda ambiri ku Limbe, ku Malangalanga mu Lilongwe, ngakhale pa Mponela, mtima wawo uli pa kudzakhala ndi malo awoawo.

Maganizo amenewa ali ndi mutu. Kwacha idagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene adasunga ndalama ku akaunti adangodzuka zitafooka, pomwe mwini nyumba ya njerwa ndi malata adaona mtengo wake ukukwera limodzi ndi simenti. Komanso banki imamvera munthu wokhala ndi chikalata cha malo. Wopanda chikole chotere amathera ku banki m'khonde, komwe ndalama zake n'zochepa, kapena kwa katapila, komwe ambiri adasiyako firiji ndi makina osokera.

Vuto lili pa ndalama zogulira malowo. Kumayambiriro kwa 2024, Reserve Bank of Malawi idakweza chiwongoladzanja chomwe mabanki ena amayang'anapo kufika pa 26 peresenti. Banki ikamabwereketsa wabizinesi wamng'ono imaonjezapo zake, moti kulipira 30 peresenti sichachilendo. Tiyerekeze kuti mwatenga K40 miliyoni. Chiwongoladzanja chokha ndi K12 miliyoni pachaka, kutanthauza K1 miliyoni pamwezi, musanabweze ngakhale tambala ya ngongole yeniyeniyo. Ikani nambala imeneyo pambali pa lendi yomwe mukudandaula nayo lero. Kwa mashopu ambiri a m'matauni mwathu, lendi ndiyo yopepuka, ndipo yopepuka kwambiri.

Sizithera pomwepo. Kawirikawiri banki sipereka mtengo wonse wa nyumba. Gawo lina mumasonkha nokha. Pali loya, pali woyeza mtengo wa nyumbayo, msonkho wosinthira umwini ndi inshuwalansi. Zonsezi zimachokera ku mpamba, ndalama zomwe zikanapita kukapikula katundu. Apa ndi pomwe mtima wanga umandipweteka kwambiri: munthu wagula sitolo, dzina lake lili pa khoma, koma mashelefu ali mbee. Kasitomala akabwera kawiri osapeza chomwe akufuna, kachitatu amapita kwa woyandikana naye. Miyezi ikapita osabweza ngongole, nyumba ija timadzaiona m'nyuzipepala ikulengezedwa kuti igulitsidwa pa okushoni.

Pali ena amene amati ngongole isakuopseni, poti zinthu zikamakwera mitengo ndi 30 peresenti, monga zidachitikira mu 2024, ngongole yakale imanka ichepa mphamvu yokha. Mfundoyi si yabodza. Koma imathandiza amene malonda ake amakwera limodzi ndi mitengo, monga holoselo yomwe katundu amatha sabata ndi sabata. Telala kapena mwini saluni sangakweze mtengo mmene wafunira, chifukwa matumba a makasitomala ake sakukula. Ndipo chiwongoladzanja cha ngongole zambiri sichikhala pamodzi; mlingo wa Reserve Bank ukakwera, zolipira pamwezi zimakweranso.

Ngakhale ndalama zitapezeka, pali nkhani ya mapepala, yomwe yaliritsa anthu ambiri kuposa banki. Malo ambiri m'matauni aang'ono ndi m'mphepete mwa mizinda amagulitsidwa ndi kalata ya mfumu basi. Kalata imeneyo banki siilandira ngati chikole, ndipo siiletsa kuti puloti imodzi igulitsidwe kwa anthu awiri. Lamulo la malo a mafumu la 2016 lidatsegula njira yolembetsa malo otere, koma ntchitoyi sinafike paliponse. Musanatulutse kobiri, pitani nokha ku ofesi ya zamalo ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu mukaone kuti malowo ali m'dzina la ndani, lizi yatsala zaka zingati, ndiponso ngati sadaperekedwe kale ngati chikole kwina. Musatume dobadoba, iye chake ndi komishoni. Ku khonsolo funsani ngati pali ngongole ya msonkho wa malo, komanso ngati malowo ndi ololedwa kuchitirapo malonda. Ngati ndi a banja, makamaka amasiye, onse okhudzidwa asaine. Ndipo sitolo yokongola yomwe yayandikira kwambiri msewu wa M1 ikhoza kukhala m'malo a msewu, omwe tsiku lina adzaikidwa chizindikiro chofiira n'kugumulidwa.

Ine ndikuona chonchi. Kukhala ndi malo akoako n'kwabwino, koma kuwagula onse ndi ngongole ya kubanki pa chiwongoladzanja chotere n'kuika bizinesi pa moto. Njira yomwe yapulumutsa ambiri ndi yochedwa: kugula puloti ya mapepala ndi phindu la bizinesi, kumanga chipinda chimodzi, kulowamo, n'kumaonjeza china chobwereketsa kwa ena. Ngongole ibwere kumapeto, yaing'ono, ya malata kapena magetsi, yoti lendi ya chipinda chinacho ingathe kubweza. SACCO imathandiza pa ngongole zotere chifukwa imayang'ana zomwe mwasunga.

Inu amene mukadali pa lendi, musadikire kalata ina yokweza mtengo. Khalani pansi ndi landilodi wanu mwezi uno, mulemberane mgwirizano wa zaka ziwiri kapena zitatu wonena nthawi yomwe lendi ingakwere, miyezi ya notisi, ndi mwini wa zomwe mwakonza m'nyumbamo. Musainirane pamaso pa mboni, aliyense asunge pepala lake.