MPAMBA WOKHA SUKWANIRA

Chaka chilichonse zokolola zikalowa m'nkhokwe, anyamata ndi amayi a kwa Msakambewa amatsika m'mapiri kupita ku boma la Dowa ali ndi funso limodzi: kodi Khonsolo ingatithandize bwanji kuti tiyambe malonda athu? Wina akufuna kutsegula okala, wina akulakalaka chigayo, wina afuna kumagula mtedza ndi nyemba m'midzi kukagulitsa ku Mponela, pamene wina luso la ukalipentala ali nalo koma alibe zipangizo. Funsoli n'labwino ndipo liyenera kulandiridwa ndi manja awiri. Chimene chikutidetsa nkhawa ndi chizolowezi chathu tonse chothamangira kuyankha kuti alembetse maina, ngongole ikubwera, ngati kuti ndalama ndiye zonse.

Tikufuna kukumbutsa awerengi athu, makamaka amene ali pa maudindo, zimene dziko lino lidaona kale. M'zaka za m'ma 1970 boma lidalamula kuti amalonda Achimwenye achoke m'madera a kumidzi, ndipo pofika 1978 adatsala m'mizinda ikuluikulu yokha. Cholinga chidali chakuti Amalawi atenge malondawo. Ena adakhoza, koma sitolo zambiri zidatsekedwa ndipo zina zidasanduka mabwinja. Ogula sadasowe. Anthu ankafunabe mchere, sopo, palafini ndi nsalu monga kale. Chidasowa kwa ambiri ndi nzeru yosiyanitsa mpamba ndi phindu. Ndalama za m'kabati zinkapita ku maliro, ku ukwati ndi kwa abale obwera kudzatenga katundu pangongole, kufikira tsiku lokaoda katundu wina litafika m'thumba mulibe kanthu.

N'chifukwa chake mu 1979 padakhazikitsidwa bungwe la DEMATT, limene ntchito yake yaikulu idali kulangiza amalonda a Chimalawi. Bungwe la SEDOM lopereka ngongole lidabwera pambuyo, mu 1982. M'zaka zomwezo za m'ma 1980 sukulu ya MEDI yophunzitsa za malonda idayamba ntchito pa Mponela, m'boma lomweli la Dowa. Mu 2013 mabungwe atatuwa adaphatikizidwa kukhala SMEDI. Onani dongosolo lake: ulangizi udatsogola, ngongole idatsatira.

Pamene dongosololi lidatembenuzidwa, zotsatira zake tonse tikuzidziwa. Thumba la ngongole la MARDEF lidayamba mu 2005, lidasanduka MEDF mu 2014, kenaka NEEF mu 2020. Maina adasintha, koma dandaulo lidali limodzimodzi: ambiri okongola sadabweze. Ena adaiona ngongoleyo ngati mphatso yochokera kwa andale. Koma tisawaweruze onse ngati akuba. Ambiri adali anthu oona mtima amene adapatsidwa ndalama popanda wowafunsa kuti adzagulitsa chiyani, kwa yani, ndiponso pa mtengo wanji.

Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidaika chitukuko cha boma lililonse m'manja mwa Khonsolo, ndipo maganizo a anthu amayenera kukwera kuchokera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kudzera ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, mpaka kwa Bwanamkubwa ndi makhansala. Tsono thandizo lenileni la Khonsolo kwa munthu woyamba malonda lili m'zinthu zimene ili nazo kale mphamvu. Msika ukhale ndi denga, madzi ndi chimbudzi, kuti wopereka msonkho wa pamsika aone kumene ndalama yake ikupita. Chiphaso cha malonda chituluke popanda munthu kuyenda maulendo atatu kuchokera kuseri kwa phiri. Misewu ya m'midzi ikonzedwe mvula isanayambe, pakuti m'dera la zitunda ngati ili mlatho umodzi ukakokoloka, mbatata ya kachewere imaolera m'matumba ndipo ngongole imasanduka goli. Ndipo koposa zonse, dzina la munthu lisapite pa mndandanda wa olandira ngongole chifukwa ndi mphwake wa amfumu kapena chifukwa cha mtundu wa nsalu imene amavala pa msonkhano.

Kwa inu aphunzitsi tili ndi mawu apadera, pakuti m'midzi yambiri ndinu amene anthu amabwera kwa inu kuti muwalembere kalata yopempha ngongole. Musanagwire cholembera, khalani naye pansi munthuyo muchite naye masamu. Tiyerekeze mayi waoda tomato wa K50,000 ndipo wagulitsa K60,000. Iye akondwa kuti wapindula K10,000. Mufunseni za ndalama ya kabaza, za msonkho wa pamsika, za chakudya chimene wadya tsikulo, ndi za chiwongoladzanja chimene chikumudikira kumapeto kwa mwezi. Mwina mupeza kuti wagwira ntchito yaulere. Awa ndi masamu a Sitandade 6, koma tikukayika ngati ana athu amauzidwa kuti ntchito yake ndi imeneyi. Kope la masamba ochepa lolembamo zolowa ndi zotuluka lapulumutsa mabizinesi ambiri kuposa msonkhano uliwonse wokhala ndi zokuzira mawu.

Tikupempha tsono komiti ya chitukuko ya kwa Msakambewa, pamodzi ndi mafumu ndi alangizi a zachitukuko cha m'midzi, kuti asanatumize maina ena ku Khonsolo ayambe asonkhanitsa ofuna ngongolewo pa sukulu yapafupi kwa masiku angapo. Aliyense afotokoze pagulu malonda amene akufuna kuchita, aonetse masamu ake, ndipo amene ali kale m'magulu a banki m'khonde abweretse mabuku awo. Ofesi ya zamalonda ya Khonsolo itumize munthu wake kumeneko. Mponela, kumene ntchito yophunzitsa amalonda idazika mizu, si kutali koti alangizi angalephere kufika nyengo yogula mbewu isanayambe.