MABOTOLO A NYAMAKAZI ASADYE NDALAMA ZA FETELEZA

Nyengo yogulitsa cimanga ikafika, amalonda a mankhwala nawonso amafika m'midzi. Amaima pa misika ndi mabotolo okongola ocokera kunja, nalonjeza nkhalamba kuti mapiritsi ao adzabwezera mphamvu m'maondo ndi m'ciuno. Mlimi amene wagwira khasu zaka 40 sacedwa kukhulupirira, pakuti ululu wace ndi weniweni. Cokaikitsa ndi botololo.

Nyamakazi yofala kwambiri imadza pamene kafupa kofewa kokuta nsonga za mafupa kaperepeseka, mafupa nayamba kukhulana. Bungwe la Zaumoyo la Dziko Lonse linawerenga kuti mu 2019 anthu okwana 528 miliyoni anali ndi nthendayi, ambiri a iwo akazi, ndipo bondo ndilo limagwidwa koposa. Amai osenza madzi ndi nkhuni safunika kuuzidwa zimenezi.

Ambiri a mabotolowa ali ndi glucosamine, yocokera ku zigoba za nkhanu, ndi chondroitin, yocokera ku mafupa ofewa a ng'ombe kapena a nsomba. Popeza zinthu ziwirizi zimapezekanso m'mfundo za munthu, wogulitsa amati kuzimeza ndiko kumanganso bondo. Koma comezedwa cimayamba cagayidwa m'mimba. Sicithamangira ku bondo monga dothi lomata ming'alu ya nyumba.

Nkhaniyi inayesedwa. Boma la America linalipira kafukufuku wa odwala maondo 1,583, ndipo zotsatira zinalengezedwa mu 2006. Ena anapatsidwa glucosamine, ena chondroitin, ena zonse ziwiri, ena mapiritsi onamizira opanda mankhwala. Powerenga gulu lonse, omwa mankhwalawo sanapose kwenikweni omwa onamizira. Codabwitsa ncakuti mwa omwa onamizirawo, 6 pa 10 alionse anati ululu wacepa. Ndico cifukwa cace umboni wa mnansi wonena kuti botolo linamthandiza suli wokwanira: ululu wa nyamakazi umakwera ndi kutsika wokha, ndipo munthu amagula pa tsiku limene wapwetekedwa kwambiri. Mu 2022 bungwe lolangiza zipatala za ku England, la NICE, linauza madokotala kuti asapereke glucosamine kwa odwala nthendayi.

Kutaya ndalama ndi ngozi yaing'ono. Caka comweco ca 2022, a boma la America anacenjeza anthu za mapiritsi ochedwa Artri King, ogulitsidwa ngati acilengedwe, atapezamo diclofenac ndi dexamethasone zosalembedwa pa botolo. Otere amaziziritsadi ululu msanga, koma akamwedwa miyezi yambiri amabweretsa zilonda za m'mimba, amakweza shuga ndi kuononga impso. Botolo locita zodabwitsa m'masiku awiri liyenera kuopedwa koposa losacita kanthu.

Zothandiza zenizeni sizikoma kumva cifukwa sizigulitsidwa. Kuyenda pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku ndi kulimbitsa minofu ya nchafu kumacepetsa ululu. Kugona pa mphasa kumaumitsa bondo. Wonenepa akataya kilogalamu imodzi, katundu wa pa bondo amacepa pafupifupi makilogalamu 4 pa phazi lililonse loponda. Ndodo siicotsa ulemu wa munthu wamkulu. Kapenta wodyedwa ndi minga yace amalimbitsa mafupa, ngakhale kuti saciritsa nyamakazi.

Si mfundo iliyonse yowawa imene ili ya ukalamba. Zala zotupa m'manja onse awiri, zouma nthawi yaitali m'mawa, zingakhale nyamakazi yina imene imapundula ikacedwa, ndipo ili ndi mankhwala ace kucipatala. Bondo lotentha ndi lotupa, thupi lili moto, lifunika kuonedwa tsiku lomwelo.

Mafumu, anyakwawa ndi atsogoleri onse a m'midzi ali ndi nchito pamenepa. Lamulo la 2013 linakhazikitsa bungwe la ZAMRA kuti liyang'anire mankhwala ogulitsidwa m'Zambia. Wamalonda wofika pa msika afunsidwe cilolezo cace asanatsegule cikwama, ndipo nkhalamba imene yagula kale botolo ipite nalo ku kiliniki kuti anamwino awerenge zolembedwapo.